Zigamba za Denga la Achimwene

Achimwene anandipatsa makope awo nditangotha masabata atatu chibwerereni. Anawatulutsa pansi pa tebulo la m'shopu yawo, ali m'katoni ya mabatire, atamangidwa ndi waya wofiira. Analipo 31.

"Iwe Mtchona," anatero, "paja kunjako unkagwira ntchito ya mabuku. Tenga awa ukawataipe."

Mtchona ndi dzina limene ndinalipeza likundidikira pakhomo. Munthu ukakhala kunja zaka 27, dzina lako lenileni limachita dzimbiri, ndiye sindinalimbane nazo. Iwowo msewu wonse umawatchula kuti a Mawaya, chifukwa akhala akukonza mawailesi m'kachipinda komweko kuyambira ine ndisanamere ndevu.

Msewu wake ndi uti, poti unapita. Nyumba yoonetsera mafilimu ija tinkalowera pawindo lakumbuyo, lero amagulitsamo matiresi. Laibulale imene inandinamiza kuti moyo weniweni uli kutsidya kwa nyanja anaidula zipindazipinda, ndipo chipinda chilichonse muli munthu wogulitsa mafoni. Ndinabwera kudzafuna msewu wanga, ndinapeza anthu ena atauvala ngati malaya obwereka. Chimene chinatsala pamalo pake ndi shopu ya achimwene yokha, ndi fungo lake la mtovu wosungunuka ndi fumbi lotentha.

"Muli chiyani m'makopemu?" ndinafunsa.

"Buku."

"La kakonzedwe ka mawailesi?"

"La zam'tsogolo. Zaka mazana atatu kuchokera lero. Usaseke, manowo ndikuwaona."

"Palibe chimene mukuona inu," anatero alamu, akazi awo, amene anali atangolowa ndi fulasiki ya tiyi. "Muuzeni zoona mng'ono wanuyo."

Zoona zake zinali zakuti maso a achimwene anali kupita. Dokotala anawauza kuti si ng'ala yoti n'kupala ayi, ndi mitsempha ya m'maso imene ikufa pang'onopang'ono, ndipo chaka chikamatha sadzaonanso chilembo. Mawailesi ankakonza ndi zala, koma zolemba zawo zomwe anali atasiya kale kuziona. Ndipo padziko lonse amene akanatha kuwerenga dzanja lawo ndi ine ndekha, chifukwa tonse awiri anatiphunzitsa kulemba ndi bambo athu, kuseri kwa makalendala akale, zilembo zopendekeka ngati anthu othawa mvula.

"Ine ndinayesa," anatero alamu. "Zimaoneka ngati nyerere zochokera kumowa. Inu alamu mukapanda kutaipa, basi, bukuli lidzawerengedwa ndi chiswe."

"Ndikufuna ndilione litasindikizidwa ndi maso angawa," anatero achimwene, akuyang'ana kukhoma. "Ngakhale chikuto chokha."

Ndinanyamula katoni ija n'kupita nayo kuchipinda changa chakale, kumene alamu anachotsako makina osokera kuti ine ndipeze poika bedi. M'mawa mwake ndinatsegula laputopu n'kuyamba.

Nkhani yake inali yotere. Dzuwa lakwiya, likutentha moti munthu akayenda panja masana khungu limasupuka. Anthu a mzinda wina amanga Denga lalikulu lophimba mzinda wonse, lokhala pa mizati khumi ndi iwiri imene imazungulira pang'onopang'ono kuti Dengalo lizipendekera kumene kuli dzuwa. Kenako amanga chombo, ndipo theka la anthu, makamaka ophunzira ndi odziwa kulankhula, akwera kupita ku nyenyezi ina. Alonjeza kuti akakafika adzatumiza uthenga, n'kubwera kudzatenga otsala.

Mabuku a mtundu umenewu ndawerenga osawerengeka, m'sitima, m'zipinda zozizira, pamizere yodikira mapepala. Koma kope loyamba la achimwene linandikhudza kwambiri. Patsiku lonyamuka chombo muli mayi wina amene akuthamangira pageti atanyamula juzi imene mwana wake waiwala, alonda n'kumuuza kuti kumene akupitako kulibe mphepo. Ndinaima kaye pamenepo, ndinakamwa madzi.

Ndinatsegula kope lachiwiri ndikuyembekeza kukwera nawo chombocho. Ayi ndithu. Chombo chinapita, nkhani inatsala pansi. Inatsala ndi munthu wina wongotchedwa Wokonza, wa makwerero ndi chitini cha phula, amene ntchito yake ndi kumata zigamba Denga likang'ambika. Chigamba chilichonse chinali ndi nambala yake, chithunzi chake chojambula ndi pensulo, mabawuti amene anasowa, ndi chimene anaikapo m'malo mwake. Kope lachitatu, zigamba. Lachisanu, zigamba.

"Nanga za ku nyenyezi zija zibwera liti?" ndinawafunsa tsiku lina tikumwa tiyi m'shopu.

"Ndinapitako ine?"

"Nanga ku zaka mazana atatu zikubwerazo munapitako?"

"Kumeneko n'kosavuta. Kudzakhala zinthu, ndipo zinthuzo zidzawonongeka. Lamulo langa ndi limodzi, Mtchona: sindilemba makina ndisanadziwe pamene adzathyokere komanso amene adzawakonze. Makina osawonongeka ndi bodza, ndipo ine bodza limandinyansa ngakhale m'nthano."

Ndinangogwedeza mutu. Mumtima ndinali nditanola kale lumo.

Ndiyenera kufotokoza ntchito imene ndinkagwira kunja. Ndinkakhala m'chipinda chopanda windo pakampani ina yosindikiza mabuku, ndipo ntchito yanga inali kudula. Zolemba za anthu zinkabwera zonenepa, zinkatuluka zoonda. Tinali ndi kachitidwe kathu: wolemba sumufunsa, chifukwa kumufunsa kuli ngati kufunsa munthu kuti timdule chala chiti. Umangodula mwaukhondo, n'kumupatsa masamba oyera. Ambiri sazindikira n'komwe, ndipo amene azindikira amadzatama okha kuti amalemba mwachidule. Zaka zonsezo palibe anandidandaulapo.

Ndiye ndinadula. Ndinkati ndikuwathandiza, ndipo mpaka lero ndikhoza kulumbira kuti ndinkachita ndi chikondi. Pamene panandisangalatsa kwambiri ndi pa kope la 9, la 10 ndi la 11. Makope atatu onsewo ankanena za mzati umodzi, wakumanzere kwa mzinda, umene unaleka kuzungulira. M'mawa uliwonse Wokonza amapita ndi madzi ofunda, amaupukuta, amaupaka mafuta, amauzunguza pang'ono ndi manja kuti usachite dzimbiri mbali imodzi, n'kumaulankhula. Mawa lake chimodzimodzi. Zaka zitatu. Ine ndinalemba mzere umodzi: "Wokonza anayesetsa, koma patapita zaka zitatu mzatiwo unagwa." Ndinauwerenga kawiri, ndinadzitamanda.

Nditafika pakati pa katoni ndinakasindikiza zimene ndinataipazo, kuti alamu aziwawerengera. Linali Lamlungu masana, tili pakhonde. Achimwene analandira mapepalawo, anawayeza m'manja monga amayezera wailesi ya kasitomala asanaitsegule.

"Opepuka," anatero.

"Zilembo za kompyuta n'zazing'ono," ndinayankha.

Alamu anavala magalasi n'kuyamba. Amawerenga bwino alamu, mawu a alonda amawakulitsa, a ana amawachepetsa. Achimwene anatsinzina, milomo ikuyenda limodzi ndi mawuwo. Pa chigamba chachinayi anakwinya nkhope. Atafika pa mzati uja anakweza dzanja.

"Mayi, mwadumpha masamba."

"Sindinadumphe, bambo. Ili ndi 46, ili ndi 47."

"Werenganinso."

Alamu anawerenganso mzere wanga uja. Kunja kwa mpanda munthu wogulitsa matsache anadutsa akuitanira malonda.

"Madzi ofunda aja ali kuti?" anafunsa achimwene. "Mafuta aja?"

"Achimwene, mverani," ndinayamba ndi mawu anga a kuntchito. "Owerenga amatopa. Makope atatu athunthu munthu akungopaka mafuta pachitsulo! Nkhani imayenera kuyenda."

"Kuyenda kupita kuti?"

"Kutsogolo."

"Eya. Paja oyenda ndinu." Anapukusa mutu. "Ndakupatsa wailesi kuti upukute fumbi, iwe wazula mawaya amene sukudziwa ntchito yake. Wazula angati?"

"Mwina theka."

"Theka!"

"Kunja buku lotere silingadutse ngakhale pageti," ndinatero, chifukwa munthu akagwidwa amaluma.

"Silikupita kunja. Wina anapita kale, zakwana. Bweretsa makope anga."

Ndinakatenga katoni ija. Anawerenga makopewo ndi zala, limodzilimodzi mpaka 31, anawamanga ndi waya wofiira uja, n'kulowa nawo kuchipinda. Tsiku limenelo sanatulukenso.

M'mawa mwake ndinapeza alamu kuseri kwa nyumba akuchapa zofunda.

"Alamu, gwirani uku tifinye," anatero. Ndinagwira. Tikupotokola nsalu ija anayamba: "Inu mwawerenga mabuku ambiri, ndimamva. Koma ili simunaliwerenge. Mwangolimeta."

"Ndiye ntchito yanga imeneyo, alamu."

"Mzati uja unali wa mbali iti?"

"Kumanzere."

"Amayi anu anafa ziwalo mbali iti?"

Nkhaniyo ndinaiwerenga m'kalata, nditaimirira pamakwerero a nyumba ina yakutali, kalatayo n'kuiika m'dirowa.

"Kumanzere," anayankha okha. "Kusambitsa ndinkawasambitsa ine. Koma kuwathowa mkono ndi mwendo ndi madzi ofunda, kuwapaka mafuta, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ankakana wina aliyense, ankafuna mwana wawo. M'mawa uliwonse asanapite kushopu. Akachoka pamenepo amakakhala patebulo paja n'kulemba mizere ingapo. Zaka zitatu, alamu. Inu mwaika mzere umodzi. Finyani, madzi akukutsikirani m'mikono."

Ndinafinya.

"Nanga zigamba zinazo?"

"Chachinayi ndi chaka chimene bambo anu anawachotsa ntchito. Cha 14 ndi maliro awo. Cha 20," anakutumula nsaluyo mwamphamvu n'kuiponya pachingwe, "cha 20 ndi mwana wathu amene sanakhale. Chimenecho sindinachipeze n'komwe m'mapepala anu aja."

Ndinachikumbukira. Kabowo kakang'ono kwambiri, kamene Wokonza amamata ndi chidutswa cha malaya ake. Masamba awiri okha. Ndinawachotsa chifukwa sankapititsa nkhani patsogolo.

"Bwanji sanangolemba poyera kuti ndi amayi, ndi mwana?"

Alamu anandiyang'ana pamwamba pa chingwe. "Munayamba mwawamva achimwene anu akunena kuti pakuti pakundipweteka? Anthu a nyumba ino simulankhula ngati anthu. Wina amalankhula ndi zitsulo, wina amangoti zii zaka 27. Ine ndinakwatiwa kwa mawailesi akufa."

Ndinapita kushopu dzuwa litakwera. Ndinawapeza atatsegula wailesi yakale, nkhope ili kudenga, zala zikuyenda zokha m'kati mwake.

"Ndabwera kudzatenga katoni ija," ndinatero.

"Kuti ukamalize kumeta?"

"Kuti ndikabwezere mawaya."

Anapeza kawaya kena, anakakoka pang'ono, anakasiya.

"Achimwene," ndinatero, "mzati uja, mukamaulankhula, unkayankha?"

Zala zija zinaima.

"Kope la 11, chakumapeto. Ukanawerenga ndi maso osati ndi lumo, ukanaona." Anakankha katoniyo ndi phazi kuchokera pansi pa tebulo. "Ndipo ukachotsanso ngakhale bawuti imodzi, ndidzadziwa."

Ndinakatsegula kope la 11 ndisanavule n'komwe nsapato. Zinalimodi. Nthawi zonse kuwala kukadutsa kumwamba, mzati wakufa uja umalira pang'ono, ngati chitseko chosowa mafuta. Ndipo Wokonza amausisita n'kumati, "Inde, ndi chombo chimenecho. Chikubwera." Munthu wonyansidwa ndi bodza uja anawanamiza amayi zaka zitatu chifukwa cha ine, ndipo ine ndinadutsa pamenepo ndikuganiza za kutalika kwa ndime.

Ndinayambiranso pa kope lachiwiri. Zinanditengera miyezi iwiri ndi theka. Sindinasanduke mngelo ayi; tinkakanganabe. Mipumiro anandilola kukonza, ati imeneyo ndi fumbi. Chigamba cha 17 n'chotopetsa mpaka lero, ndipo ndinawauza pamaso. Anati chaka chimenecho chinali chotopetsa, owerenga apirire monga anapirira iwo.

Vuto linabwera pa kope lomaliza. Masamba oyamba ankawerengeka: tsiku lina anthu a pansi pa Denga aona kachombo kakang'ono kakutsika, muli munthu mmodzi yekha, wa imvi. Kupitirira apo, mizere inayamba kukwerana. Achimwene ankalemba osaona, mzere pamwamba pa mzere unzake, katatu, kanayi, mpaka tsamba lonse linangoti bii. Ndinayesa ndi magalasi, ndinayesa padzuwa. Ngakhale bambo athu akanalephera.

Ndinapita kushopu ndi laputopu masana ena, makasitomala atachepa.

"Lomalizali silikuwerengeka," ndinatero. "Muzinena, ine ndizitaipa."

"Lisiye lisawerengeke. N'zabodza zimene zili m'menemo." Anapukuta manja pa ovolosi. "Ndinalemba kanayi, kanayi konse ndinaphwanya lamulo langa. Kachombo kaja sindikudziwa pamene kanawonongeka. Chombo sichingapite zaka zonsezo, osatumiza uthenga ngakhale umodzi, n'kubwera chili bwinobwino. Pali chinathyoka. Ine kumeneko sindinapiteko. Iwe unapitako."

Ndinayang'ana kumsewu. Tsidya lina munthu ankatsitsa matiresi m'galimoto, pakhomo pomwe tinkaimirira kuonera zithunzi za mafilimu.

"Wailesi yake," ndinatero.

"Yatani wailesiyo?"

"Imalandira, koma situmiza."

Achimwene anatembenuza mpando wawo. Nkhope inali ya pantchito, ija amaonetsa kasitomala akamafotokoza vuto. "Imalandira zonse?"

"Zonse. Za mzati. Za chigamba cha 14. Palibe uthenga umene unasochera."

"Mbali yotumizayo inapsa, kapena mwini wake anazula waya?"

"Anazula yekha."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ponyamuka analonjeza zambiri. Atafika ku nyenyeziko anapeza kuti kulibe chimene anawauza anthu. Anamuika m'chipinda chopanda windo, azidula mawu a anthu ena. Chaka choyamba anati ndidzatumiza uthenga zinthu zikayenda. Chachisanu anati nditumiza bwanji tsopano, poti ndachedwa. Kenako mzati unagwa, ndiye anaona kuti palibenso mawu amene angakwane."

"Nanga juzi ija? Kunalidi kopanda mphepo?"

"Kunkazizira koopsa."

Anasisita chibwano. Wailesi ina pashelefu inkalira chapansipansi, mawu osamveka bwino.

"Waya wozula dala," anatero potsiriza, "savuta. Ukanakhala wopsa, bwenzi tikunena zina. Uwu umangofunika kupala dzimbiri kunsonga, mtovu pang'ono, basi. Koma mwini wake azigwirizira yekha pamene Wokonza akuwotcherera, chifukwa Wokonzayo maso anamuthera." Anakhosomola. "Ukudikira chiyani? Taipa. Yamba ndi makwerero. Wokonza akutsika pa Denga, mawondo akumupweteka. Ndipo munthu wa m'kachomboyo asalankhule zambiri, ndimawadziwa anthu amenewa."

Tinalemba mutu umenewo masiku asanu ndi limodzi, iwo akunena, ine ndikutaipa, pena ine ndikunena, iwo akukana. Alamu akabweretsa tiyi ankatipeza tikukangana za mtundu wa waya, ankangoika fulasiki n'kutuluka akupukusa mutu.

Titamaliza ndinakasindikiza lonse, masamba 412, ndipo pachikuto ndinawauza aike mawu amodzi okha, zilembo zazikulu ngati chikhatho. Achimwene anatuluka nalo pakhomo la shopu pamene pali kuwala, analibweretsa pafupi mpaka linakhudza mphuno, n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumanja kupita kumanzere.

"D," anatero. "E. Enawo ndikuwadziwa."

Kenako analitsitsa, analiika pazikhatho zonse ziwiri, n'kuliyeza.

"Ili ndiye lolemera bwino," anatero. "Lija linali ngati wailesi yopanda mabatire. Mayi! Bwerani ndi magalasi anu. Tiyambire pa mzati uja, mwini lumo ali pompano."